Nyimbo Zopanda Woimba

Mu February 1854, mumzinda wa Düsseldorf ku Germany, katswiri wopeka nyimbo Robert Schumann adayamba kudandaula kuti m'khutu mwake mukulira liwu limodzi losalekeza. Mkazi wake Clara, amenenso adali katswiri pa piyano, ankalemba zochitika za tsiku lililonse m'buku lake, ndipo n'chifukwa chake tikudziwa mmene zidayendera. Patangopita masiku owerengeka, liwu lija lidasanduka nyimbo zathunthu, zoimbidwa ndi zida zambirimbiri, zokoma kuposa chilichonse chimene mwamunayo adamvapo. Usiku wina adadzuka pabedi n'kukhala pansi kulemba nyimbo imene ankati angelo amuimbira. Posakhalitsa angelo aja adasanduka ziwanda zomuopseza. Pa 27 February adazemba panyumba n'kukadziponya mumtsinje wa Rhine. Anthu a m'maboti adamuvuula, ndipo kumayambiriro kwa March adamutengera kuchipatala cha odwala misala ku Endenich, pafupi ndi Bonn, komwe adamwalira mu July 1856 ali ndi zaka 46.

Schumann sadadwale sitiroko, nthenda imene nayonso ingautse nyimbo zotere. Ambiri mwa amene adafufuza moyo wake amakhulupirira kuti chidamupha ndi chindoko chimene chidalowerera mpaka mu ubongo. Koma mbiri ya anthu omva nyimbo zimene anzawo sakuzimva singayambire pena. Kutchuka kwake kudakhomerera m'mitu ya anthu ganizo lakuti munthu akamamva nyimbo pamene palibe woimba, ndiye kuti mutu wazungulira basi, ndipo ganizo limeneli lidazunza anthu ambiri anzeru zawo bwinobwino kwa zaka zoposa 100. Palinso kanthu kena kamene anthu a nthawiyo sadakalabadire kwenikweni. Nyimbo ya angelo ija idali yofanana kwambiri ndi chigawo cha nyimbo ya vayolini imene Schumann mwini wake adapeka miyezi ingapo m'mbuyomo, mu 1853. Chimene ankamva chidali chake chomwe, chikungomubwerera ngati chachilendo.

Pa nthawiyi n'kuti madokotala a ku Paris atayamba kale kusanja nkhani zoterezi. Jean-Étienne Esquirol, amene adagwira ntchito pa zipatala za Salpêtrière ndi Charenton, adalekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ankangoziphatikiza: kumva molakwa chinthu chimene chilipodi, monga mphepo kuiyesa munthu akuitana, ndi kumva chinthu pamene palibiretu chilichonse. Buku lake lalikulu lidatuluka mu 1838. Wophunzira wake Jules Baillarger adapitiriza ntchitoyi mu 1846, ndipo amatchulidwa kawirikawiri pakati pa oyamba kulemba za odwala omva nyimbo. Anthu awiriwa adali akhama, koma malo amene ankaonera odwala ndi amene adawaphimba maso. Dokotala wa pachipatala cha amisala amaona okhawo amene abale awo alephera kuwasunga. Gogo wogontha, wokhala phee panyumba pake, amene akumva nyimbo za ubwana wake koma ndalama zake akuwerenga bwino ndipo zidzukulu zake zonse akuzidziwa maina, sankafika pamaso pa Esquirol. Ndipo gogo woteroyo, podziwa kumene ankapititsa anthu omva zosamveka, ankangotseka pakamwa.

Mng'alu woyamba pa ganizo lakuti kumva nyimbo zotere ndi misala basi udachokera kukhutu. Bedřich Smetana, wopeka nyimbo wa ku Prague, adagontheratu mu 1874, ndipo ugonthiwo udabwera ndi kulira kwa m'makutu kosautsa. Mu 1876 adaika kulirako m'nyimbo yofotokoza moyo wake, mwa liwu limodzi lakuthwa la vayolini limene limadula nyimboyo cha kumapeto. Mu 1881 dokotala wa ku France Emmanuel Régis adalemba za kumva zinthu zosakhalapo ndi khutu limodzi lokha, khutu lodwalalo. Mu 1894 W. S. Colman adalemba m'magazini ya madokotala a ku Britain za anthu anzeru zawo amene ankaona kapena kumva zosakhalapo chifukwa cha matenda a maso kapena makutu. Za maso zidali zitadziwika kalekale. Mu 1760 Charles Bonnet wa ku Geneva adafotokoza za agogo ake aamuna, amene maso awo adali atachita ng'ala, kuti ankaona anthu, mbalame ndi ngolo zimene padalibe, koma iwo eni ankadziwa bwino kuti si zenizeni. Zidatenga nthawi yaitali modabwitsa kuti anthu avomereze kuti chimene chimachitika diso likafa chingachitikenso khutu likafa.

Nanga sitiroko? Kuyambira 1658, pamene Johann Jakob Wepfer wa ku Schaffhausen adang'amba mitembo ya anthu ogwa mwadzidzidzi n'kupeza magazi atakhuthukira mu ubongo, matendawa ankadziwika ndi zimene amalanda. Amalanda mkono, amalanda mwendo, amapotoza pakamwa, amalanda mawu. Kuti sitiroko ingathenso kuwonjezera kanthu pa munthu, palibe amene ankaganizako. Amene adatsegula njira ndi John Hughlings Jackson, dokotala wa pachipatala cha matenda a ubongo cha ku Queen Square ku London. Jackson ankakhala nthawi yaitali akuonerera odwala khunyu ndi kulemba zimene akunena kuti amamva akatsala pang'ono kugwa: fungo lachilendo, mantha, kumva ngati ali m'maloto. Pomafika 1884 adali atafika pa mfundo yakuti ubongo uli ndi magawo osanjikizana, apamwamba amagwira apansi kuti asachite zofuna zawo. Gawo lina likawonongeka, munthu amataya chimene gawolo linkachita, koma nthawi yomweyo zimene linkazigwira zimamasuka. Kuvulala kumodzi kumabala zinthu ziwiri, kusowa ndi kusefukira. Jackson adalibe makina aliwonse oonera m'mutu mwa munthu wamoyo. Adangoona ndi kulingalira, ndipo mfundo yakeyo ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Umboni wogwirika udabwera ku Canada. Wilder Penfield, amene adatsegula Montreal Neurological Institute mu 1934, ankachita opaleshoni anthu odwala khunyu losamva mankhwala, kuti achotse kachigawo ka ubongo koyambitsa kugwako. Pofuna kuti asadule malo olankhulira kapena oyendetsa dzanja, sankawagoneka odwalawo. Ankangowabaya mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu la mutu, n'kutsegula chibade munthu ali maso, poti ubongo weniweniwo sumva kupweteka. Akatero ankagusa ubongowo malo osiyanasiyana ndi kawaya ka magetsi ofooka, n'kumufunsa wodwalayo chimene wamva. Malo alionse amene atulutsa kanthu ankaikapo kapepala kakang'ono ka nambala, wina ali pambali kulemba mawu onse a wodwalayo. Apa chala chanjenjemera. Apa lilime lachita dzanzi. Tsiku lina, atagusa chigawo cha ubongo chimene chili cha pamwamba pa khutu, mayi wina adati akumva gulu la zida likuimba. Penfield adachotsa kawaya, nyimbo idaleka. Adabwezera pamalo pomwepo, nyimbo yomwe ija idayambanso, mpaka mayiyo ankaiimba chapansipansi moitsatira. Adabwereza kambirimbiri. Mayiyo adatsimikiza mumtima kuti m'chipindamo muli munthu amene akumayatsa ndi kuzimitsa galamafoni.

Mu 1963 Penfield ndi mnzake Phanor Perot adasonkhanitsa zonse zimene adapeza. Mwa odwala 1,132 amene adawagusa ubongo, 40 okha ndi amene adamva kapena kuona zinthu zoterezi, ndipo onsewo kudali pa chigawo cha pafupi ndi khutu chomwechi. Penfield adapitirira muyeso pomasulira, poti adayamba kukhulupirira kuti ubongo umajambula chilichonse chimene munthu wamva pa moyo wake wonse ngati tepi, ndipo ofufuza a pambuyo pake sadagwirizane naye pamenepo. Koma chachikulu adachikhoza. Adaonetsa kuti nyimbo ili ndi malo ake m'mnofu wa ubongo, ndipo kuti malowo akakodoledwa amaimba, kaya mwini wake akufuna kaya sakufuna. Chimene kawaya kangachite, chipsera cha sitiroko chingachitenso.

Nkhani imene idatulutsa zimenezi m'mabuku a madokotala n'kuzifikitsa kwa anthu wamba ndi imene Oliver Sacks adalemba mu 1985 m'buku lake lotchedwa The Man Who Mistook His Wife for a Hat. Idali ya gogo wina wa zaka 88, wokhala m'nyumba yosungira okalamba, amene Sacks adawabisa dzina powatcha Mayi O'C. Makutu awo adali atayamba kugontha, koma nzeru zidali zakuthwa. Usiku wina mu January 1979 adalota ali mwana kwawo ku Ireland, kukuimbidwa nyimbo zovina. Atadzidzimuka, nyimbo zija sizidaleke. Adaganiza kuti wina wasiya wailesi yosazimitsa, n'kudabwa kuti anzawo onse ali mtulo bwanji phokoso lonseli. Adayendera mawailesi onse, adapeza ali ozima. Adaganizanso kuti mwina chitsulo chimene adawamata nacho dzino chikukoka siteshoni ina, koma siteshoni yanji yopanda muulutsi, yongoimba nyimbo zimene iwo okha ankazidziwa? Pamenepa m'pamene pali kusiyana ndi kanyimbo kamene kamatikakamira m'mutu tonsefe tikakamva m'mawa. Ife timadziwa kuti kali m'maganizo. Iwo ankaimva ndi makutu, ikuchokera kunja, mokweza mwakuti pokambirana ndi dokotala ankavutika kumva mawu ake.

Adapita kwa dokotala wa makutu, iye adawatumiza kwa wa maganizo, wa maganizoyo adati palibe misala apa, apite kwa wa ubongo. Sacks adawalumikiza ku makina a EEG, oyeza magetsi a mu ubongo, amene Hans Berger wa ku Jena adawadziwitsa ku dziko mu 1929. Adawapempha kuti agone duu, osalankhula, angotukula chala nyimbo ikayamba. Nthawi iliyonse chala chikatukuka, zolembera za makinawo zinkalumpha pa mizere yochokera ku chigawo cha pafupi ndi khutu. Kenaka adawaunika m'mutu. Luso lounika ubongo wa munthu wamoyo lidali lachilendo ndithu, poti makina a CT a Godfrey Hounsfield adaunika wodwala woyamba mu 1971 ku London. Chithunzi chidaonetsa kamtsempha kotsekeka mbali ya kumanja. Idali sitiroko yaing'ono, yosapha chiwalo chilichonse. Chizindikiro chake chokha chidali nyimbo.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi mmene gogoyo adazilandirira. Bambo awo adamwalira iwo asanabadwe, mayi awo adamwalira iwo asanakwane zaka 5, ndipo adatumizidwa ku America kukaleredwa ndi azakhali aukali. Moyo wawo wonse sankakumbukira kanthu za ku Ireland kapena nkhope ya mayi awo. Nyimbo zija zidabwera ndi ubwana wonse umene udatayikawo, ndipo ankamva ngati ali m'manja mwa mayi awo akuwaimbira. Atawauza kuti pali mankhwala a khunyu amene angazitontholetse, adakana. Ubongo utayamba kupola, nyimbo zidanka zichepa, pomafika mu April zidatheratu, ndipo iwo adati akuzisowa. Komabe munthu asatengeke n'kuyesa kuti nthendayi ndi mphatso. M'nyumba yomweyo mudali gogo wina, Mayi O'M, amene ankamva nyimbo zitatu zokha, zosawakhudza mtima n'komwe, zikubwerezabwereza mpaka kuzida. Adabisa zimenezi zaka 4 poopa kutchedwa wamisala. Atapatsidwa mankhwala a khunyu zidaleka. Zaka 4 za mantha, pamene thandizo lidali pafupi, zidadza chifukwa cha ganizo lakale lija.

Pambuyo pa Sacks, malipoti adachuluka. Mu 1986 Gregory Cascino ndi Raymond Adams adafotokoza odwala atatu amene vuto lawo silidali m'khutu kapena pamwamba pa ubongo, koma pa tsinde la ubongo, pamene umalumikizana ndi mtsempha waukulu wa msana. Pamenepa m'pamene njira zonyamula phokoso kuchokera ku makutu onse awiri zimadutsa ndi kupingasana, motero magazi akatayikira pamenepo kapena mtsempha ukatsekeka, uthenga wa kukhutu umafika pamwamba uli wodukaduka. Odwala ena otere amamva mkokomo kapena kulira, ena amamva nyimbo zenizeni. Mu 1990 German Berrios wa ku Cambridge adasonkhanitsa nkhani 46, zakale ndi zatsopano, n'kuona kuti ambiri adali amayi okalamba, ogontha kapena ovulala ubongo, ndipo misala sidali chifukwa chachikulu. Mu 2004 Stefan Evers ndi Tanja Ellger a ku Münster adawerenga nkhani 132. Amayi adali 70 pa 100 alionse, ndipo zoyambitsa adazigawa pasanu: ugonthi, matenda a maganizo, kuvulala kwa malo ena a ubongo monga ndi sitiroko kapena chotupa, khunyu, ndi mankhwala. Pa mankhwalapa, aliyense amene adamwapo kwinini podwala malungo akudziwa kale mmene m'makutu mumalirira, ndipo kwinini ali m'gulu la mankhwala amene mwa anthu owerengeka adautsapo nyimbo zathunthu, pamodzi ndi asipulini womwa mopitiriza muyeso ndi tramadol.

Apa tinene zoona kuti sitiroko si imene imayambitsa vutoli kawirikawiri, ndipo mwa anthu onse odwala sitiroko, omva nyimbo ndi ochepa kwambiri. Imene imaoneka kawirikawiri mwa iwo ndi nthenda yotembenuza, yoti munthu akadzuka pa sitiroko nyimbo zimene ankazikonda zimangomveka ngati phokoso losokosa. Phindu la odwala sitiroko pa mbiriyi n'lakuti chilonda chawo chili ndi tsiku limene chidayamba ndi malo amene angaloze pa chithunzi. Dzulo kudalibe nyimbo, lero ilipo, ndipo chasintha ndi kadontho aka. Umboni wotere ndi wovuta kuutsutsa.

Funso lotsala lidali lakuti ubongo umaimba bwanji wokha. Mu 2000 Timothy Griffiths wa ku Newcastle adaika anthu 6 ogontha, omva nyimbo zosakhalapo, m'makina oonetsa kumene magazi akuthamangira mu ubongo. Nyimbo zawo zikakula, malo amene ankagwira ntchito adali omwewo amene amagwira munthu wakumva akamamvera nyimbo yeniyeni, kupatula amodzi: khomo loyamba lolandira phokoso la kukhutu silinkasintha. Ndiye kuti zonse zosanja kayendedwe ka nyimbo zinkayenda, popanda cholowa. Zili ngati munda umene mwini wake waleka kudzala. Sukhala mbee, umameretsa mbewu zimene zidagwera m'nthaka pokolola zaka za m'mbuyo. Ichi n'chifukwa chake nyimbozi sizikhala zachilendo. Mu 2005 Nick Warner ndi Victor Aziz adafunsa okalamba 30 a ku Wales funso limene madokotala akale sankaliona ngati lofunika, lakuti kodi mukumva nyimbo yanji. Ambiri adatchula nyimbo za m'tchalitchi, zimene adaziimba Lamulungu lililonse kuyambira ali ana. Zimene zidalowa msanga ndi kubwerezedwa kwambiri ndi zimene zimatuluka.

Mu 2014 gulu lomwelo la Griffiths, motsogozedwa ndi Sukhbinder Kumar, lidagwira ntchito ndi mayi wina amene adamutcha Sylvia, mphunzitsi wa masamu wodziwanso piyano, amene ankatha kulemba papepala nyimbo zimene akumvazo liwu ndi liwu. Mayiyu adali atatulukira yekha kuti akamvera nyimbo yeniyeni ya Bach, yakeyo imatonthola kwa kanthawi kenaka n'kubwerera pang'onopang'ono. Ofufuzawo adagwiritsa ntchito zimenezi kuyatsa ndi kuzimitsa nyimbo za m'mutu mwake uku akuyeza ubongo. Mfundo imene adafikapo ndi yakuti ubongo sungodikira kuuzidwa ndi khutu. Nthawi zonse umalosera liwu lotsatira, khutu n'kumauwongolera ukalakwa. Khutu likafooka, kapena sitiroko ikadula njira, woongolerayo amasowa, ndipo cholosera chimodzi chimabala chinzake mosalekeza. Nyimbo ndi yosavuta kulosera kuposa zolankhula, poti imabwerezabwereza ndipo mzere ukayamba umadziwika kumene ukathere. Chaka chotsatira, Erin Golden ndi Keith Josephs a ku Mayo Clinic adasanthula mafayilo a odwala 393, gulu lalikulu kuposa onse a m'mbuyo. Adapeza kuti matenda a maganizo ali ndi gawo lalikulu ndithu, kotero si chilungamo kuwachotseratu pa mndandanda, ndiponso kuti zilonda za mu ubongo zimapezeka mbali zonse ziwiri, osati kumanja kokha monga ambiri ankaganizira.

Ndimaganizira agogo athu amene BP yawavutitsa zaka zambiri, makutu atayamba kulemera, tsiku lina n'kunena kuti akumva kwaya ikuimba kuseri kwa nyumba. Ena pakhomopo angati ayamba kubwebweta, ena angati akuitanidwa, ndipo tikudziwa kuti pali midzi imene nkhalamba yonena zachilendo imalozedwa chala cha ufiti. Agogo ozindikira angasankhe kungokhala chete monga adachitira Mayi O'M. Koma nyimbo yoyamba mwadzidzidzi, makamaka ikabwera ndi chizungulire, kupotoka kwa pakamwa, kulemera kwa lilime kapena kufooka kwa mkono, ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa pa sitiroko ola lililonse lotayika ndi mnofu wa ubongo wotayika.

Thandizo lilipo, ngakhale kuti zambiri zimene madokotala akudziwa zachokera pa wodwala mmodzimmodzi osati pa kafukufuku wa anthu zikwi. Amayamba ndi khutu: kuchotsa phula lotseka, kuyeza kamvedwe, ndi kupereka kachipangizo kothandiza kumva, poti phokoso lenileni likabwerera, lopeka limachepa mwa ambiri. Amaunika mankhwala onse amene munthuyo akumwa. Amalangiza kusiya wailesi ikulira chapansipansi, makamaka usiku ndi pamene munthu ali yekha, chifukwa bata ndi limene limautsa nyimbozi. Kumene EEG yaonetsa kuti chipsera chikuthetheka magetsi, mankhwala a khunyu monga carbamazepine amathandiza, ndipo odwala ena apepukidwa ndi donepezil, mankhwala a matenda oiwalaiwala. Nyimbo zobwera ndi sitiroko nthawi zambiri zimazilala pa masabata kapena miyezi ubongo ukamapola, pamene zobwera ndi ugonthi wa ukalamba zimatha kukhala zaka, ndipo kwa odwala oterewa ntchito yaikulu ya dokotala imakhala kuwafotokozera iwo pamodzi ndi abale awo chimene chikuchitika m'khutu ndi mu ubongo, n'kuwafunsa ngati akufuna kuti nyimbozo zileke kapena angathe kukhala nazo.